Lenzi ya PS2 yatopa, gulu lathu latsala lopanda mwini: tisamukire ku Mastodon?

Contra30 analemba:

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo pa nkhani ziwiri.

Yoyamba ndi ya PS2 yanga. Ndi slim yakuda, SCPH-70004, ndinaigula kwa munthu amene anabwera nayo kuchokera ku Joni. Lenzi yake yatopa. Ndikaika PES 6 imazunguza disiki, kulira pang'ono, kenako n'kundiponyera sikirini yofiira ija yoti ikani disiki ya PlayStation. San Andreas ndiye siiwerenganso n'komwe. Ndisinthitse lenzi, kapena ndalamayo ndiwonjezere ndigule kamakina ka m'manja kotchedwa Miyoo Mini Plus? Alamu anga akhoza kundibweretsera akamabwera pa Khirisimasi. Kakundikopa chifukwa cha batire, magetsi akathima gemu siimera panjira. Koma ndikudziwa kuti mphamvu zake zimalekeza pa magemu a PS1, PES 6 sikangaiyendetse.

Pambali pa PS2 ndikusungabe makina aja a makaseti achikasu, amene tinkangowatchula kuti TV game. Enanu mukukumbukira: kaseti yolembedwa 9999999 in 1, koma ukayamba kutsika mndandanda umapeza Mario yemweyo, akasinja omwewo ndi abakha omwewo, angosintha mayina ndi mitundu. Makinawa anali okopera Famicom ya Nintendo, imene inatuluka ku Japan mu 1983. Anga akuyakabe. Mwana wanga wamkazi wa Sitandade 5 ndinamuphunzitsa mabatani aja opatsa miyoyo 30 pa Contra, pano akundipitirira. Chakanika ndi mfuti yokha: pa TV ya flat imangoti tha, bakha osagwa, galu uja n'kumatiseka. Wodziwa chifukwa chake andiuze.

Nkhani yachiwiri ndi imene ikundisowetsa tulo. Tinali ndi gulu la okonda magemu akale pa tsamba lina lalikulu la mchezo. Admin anali mmodzi yekha. Akaunti yake inatsekedwa, anadandaula koma sanayankhidwe, ndipo gulu latsala ngati munda wopanda mwini, mbuzi zikungolowa. Pano mwadzaza otsatsa kubetcha ndi a katapila, wowachotsa palibe. M'menemo muli zithunzi zoonetsa katsegulidwe ka Mega Drive, malangizo okonzera ma pad, mayina a misika kumene kumapezeka zingwe. Zonsezo zikukwiririka.

Taonani zimene zatha ife tikuona. Mxit, imene tinkachezerapo usiku wonse pa mafoni a mabatani, inapita. Google+ inatsekedwa mu 2019. Stadia ya Google, yosewerera magemu pa intaneti, imene amati ndiye tsogolo la magemu, inathima mu Januwale 2023. Mu Malichi chaka chomwecho Nintendo inatseka sitolo ya pa intaneti ya 3DS ndi Wii U. Koma kaseti yanga yachikasu sipempha chilolezo kwa munthu kuti iyake. Ndikufuna gulu lathu likhale choncho, pasakhale kampani imodzi kapena munthu mmodzi woti akadina batani tonse n'kubalalika.

Ndamva kuti Mastodon, malo ena ochezera pa intaneti, ilibe mwini mmodzi. Kodi gulu ngati lathu, ambiri tili kuno kumudzi, ena ku Joni, ochepa ku UK, lingakhazikike kumeneko? Amene mulipo kale ndiuzeni zimene mwaona ndi maso anu, zolembedwa pa masamba awo ndawerenga kale.

Mawaya_Limbe analemba:

Achimwene, lenzi musasinthitse. Malenzi ambiri amene akupezeka masiku ano ndi okopera, kapena ochotsedwa m'makina ena otopa kale. Mulipira lero, pakatha miyezi mubweranso. Ndipo wina akakuuzani kuti apotokola kasikuluwu ka pa lenzi kuti iwonjezere mphamvu, nyamulani katundu wanu muzipita. Imawerenga kwa kanthawi, kenako laser imapseratu.

Chimene mukufuna ndi memori khadi yokhala ndi FreeMcBoot. Mukaiika, makina akamayaka amawerenga pulogalamu ya pa khadipo, ndipo kuchokera pamenepo mumatsegula Open PS2 Loader, pulogalamu yoyendetsa magemu osungidwa ngati mafayilo, ambiri amangoti OPL. Disiki simuifunanso. 70004 yanuyo imalola bwinobwino. Amene amakana ndi ma slim omaliza a 9000x, ambiri opangidwa kuyambira chakumapeto kwa 2008, Sony atatseka mpata umenewo. Madisiki anu muwakopere pa kompyuta akhale mafayilo otchedwa ISO asanakalike kwambiri.

Kosungira magemuwo kulipo kutatu. Fulashi ndi yosavuta, koma madoko a PS2 ndi USB 1.1, ochedwa kwambiri, ndiye makanema a mkati mwa gemu amadukaduka. PES imayenda, San Andreas mudzaona nyumba zikuchedwa kutuluka mukamathamangitsa galimoto. Njira yachangu pa slim ndi chingwe cha network kuchokera ku laputopu, kungoti laputopu iyenera kukhala yoyaka nthawi zonse mukamasewera. Yachitatu ndi kachipangizo kotchedwa MX4SIO, kolowa pamalo pa memori khadi yachiwiri, mkati mwake mumaika microSD. Kamathamanga kuposa fulashi ndipo palibe zingwe zoti ana azipunthwa nazo. Ine ndingasankhe kameneka. Amene muli ndi PS2 yaikulu ija, yanu ndi hard disk ndi network adapter, palibe yoposa pamenepo.

Tsopano za magetsi, chifukwa makina ambiri ofika pa benchi panga sanafe ndi ukalamba. Slim ngati yanuyo imadya 8.5V kuchokera ku adaputa yake. Adaputa ikatayika anthu amatenga chaja ya laputopu ya 19V poti pulagi yalowa. Utsi. Enanso amagula makina akale ochokera ku Japan kapena ku America osayang'ana kumbuyo. Ku Japan magetsi ndi 100V, ku America 120V, kwathu kuno 230V. Pa PS2 manambala awiri omaliza a nambala ya SCPH ija amakuuzani kochokera: 00 ndi Japan, 01 America, 02 Australia, 03 UK, 04 Ulaya. Mukaona yaikulu ya 00 kapena 01, musailumikize popanda step-down yotsitsa mphamvu ya magetsi. Ndipo ikani guard ngati ya firiji ija, chifukwa choopsa si kuthima kwa magetsi koma kubwera kwake.

Mfuti yanu ndi yabwinobwino, vuto ndi TV. Mukakoka kowombera, makina amadetsa sikirini yonse kwa kamphindi kosaoneka ndi maso, kenako amaika kabokosi koyera pamene pali bakha. Mkati mwa mfuti muli kadiso koona kuwala, ndipo kamayang'ana pa nthawi yomweyo basi. TV yakale ya CRT imajambula chithunzi pompo chikangofika. Ya flat imayamba yachikonza kaye, ndiye kabokosi kamatuluka kadiso katasiya kale kuyang'ana. Funani CRT, anthu akuzitaya m'makhonde. Ngakhale PS2 yanuyo ndi chingwe chachikasu chija idzaoneka bwino pamenepo kuposa pa flat.

Miyoo ndi kabwino, sindikanyoza. Sikirini ya mainchesi 3.5, Game Boy, Mega Drive, Super Nintendo ndi PS1 zonse zimayenda. Mukakagula, khadi yobwera nako muichotse msanga chifukwa zimenezi sizikhalitsa, mugule ya dzina muikepo pulogalamu yoyendetsa kamakinaka yotchedwa OnionOS, ndipo muzichaja ndi chaja wamba ya 5V. Koma kameneka ndi ka mu minibasi ndi pa mzere wa kubanki. PES ndi ya anthu awiri pa mphasa, wogonja apereke pad.

Za Mastodon ndisiyira ophunzira.

NaBanda_Leeds analemba:

A Contra30, ine ndili pa Mastodon kuyambira Novembala 2022, nthawi imene chikhamu cha anthu chinachoka ku Twitter, Elon Musk atangoigula pa madola 44 biliyoni. Ndikuuzani zokoma ndi zowawa zomwe.

Mastodon ndi pulogalamu imene aliyense angaiike pa seva yake. Anaiyamba ndi Eugen Rochko wa ku Germany mu 2016. Maseva onsewo amalankhulana kudzera mu ndondomeko yotchedwa ActivityPub, imene bungwe la W3C linavomereza mu 2018. Zimayenda ngati imelo: inu muli kwina, ine ndili kwina, koma timalemberana, ndipo dzina lanu limakhala ndi dzina la seva kumapeto. Kulibe malonda. Zolemba zimabwera motsatira nthawi, palibe makina okusankhirani zoti muone. Maseva ambiri amalola zilembo 500 pa uthenga. Pa magemu akale ndiye kuli anthu odziwa zinthu zedi. Mukatsatira #retrogaming mupeza okonza Game Boy, Amiga, Dreamcast. Ndinaikapo chithunzi cha mkati mwa Game Gear imene inasiya kutulutsa mawu, bambo wina wa ku Finland anandizungulizira pa chithunzipo ma capacitor oyenera kusintha, osandifunsa ngakhale kuti ndine ndani.

Koma mawu oti ilibe mwini mmodzi muwamvetse bwino. Mastodon yonse ilibe mwini mmodzi, seva iliyonse ili naye. Ndi munthu ngati admin wanu uja, amalipira m'thumba mwake, amachotsa zonyansa usiku ataweruka kuntchito, ndipo amatopa. Seva yanga yoyamba inatsekedwa choncho. Mwini wake anachita mwaulemu, anatichenjeza miyezi itatu isanakwane monga limanenera pangano la Mastodon Server Covenant. Ndinasamuka, onditsatira anasamuka nane okha, koma zolemba zanga sizinasamuke. Umu ndi mmene pulogalamuyi ilili: mungatsitse zolemba zanu n'kusunga, koma simungazibwezeretse pa seva yatsopano. Ndiye taganizani malangizo anu a Mega Drive ali pamenepo.

Zina ziwiri. Mauthenga amseri alibe loko ngati a WhatsApp, mwini seva atafuna akhoza kuwawerenga. Komanso eni maseva amatha kutsekerana khomo akayambana, inu n'kudzuka mnzanu wa seva ina sakuonekanso, pa mlandu umene simukuudziwa.

Chachikulu kwa inu n'chakuti Mastodon inapangidwa motsanzira Twitter, ilibe magulu a mtundu umene mwazolowera. Chimene mukufuna ndi malo oti funso la lenzi likhale pa mutu wake, wina adzalipeze patapita zaka. Zimenezo ndi za Lemmy, imene imagwiritsanso ntchito ActivityPub koma ili ndi mitu ndi mayankho pansi pake. Inakula mu Juni 2023 pamene Reddit inalengeza zolipiritsa mapulogalamu a anthu ena ndipo magulu ambiri anakwiya. Bluesky ndi yosavuta kulowa, inatsegulira aliyense mu Febuluwale 2024, koma ili ndi ndondomeko yakeyake, AT Protocol, ndipo anthu ambiri ali pa maseva a kampani yomweyo. Pa cholinga chanucho sindingaiwerengere.

A Chichewa kumeneko ndi ochepa, ndisakunamizeni. Ndikalemba m'chinenero chathu ndimangodzilankhula ndekha.

Ngati mwatsimikiza zokhala ndi seva yathuyathu, lendi ya kaseva kakang'ono ndi madola ochepa pa mwezi, kuphatikiza dzina la tsamba lolipira pa chaka. Chimene chimadya malo ndi zithunzi, chifukwa seva imasunganso zochokera kwina, muyenera kumazichotsa. Lendiyo ndikhoza kumalipira ine kuchokera kuno. Koma ndikuika lamulo: makiyi akhale ndi anthu atatu, ndipo zonse zizikoperedwa kwina sabata iliyonse. Popanda zimenezo mwangosamutsa vuto lomwe lija.

Kamnyamata_Zomba analemba:

Madala, pepani ndilowerere ngakhale ndine mwana, Mxit ndinangoimva.

Anti a ku Leeds afotokoza bwino, koma iwo ali pa WiFi yosatha. Kuno mabandulo otchipa ndi a WhatsApp, Facebook ndi TikTok. Mastodon kapena Lemmy idya bandulo ya intaneti wamba, yodula ija. Mwa anthu a m'gulu lanu, ndi angati adzagule bandulo yapadera kuti akaone chithunzi cha pad yothyoka? Adzalowa tsiku loyamba kukulemekezani, basi. Komanso anti akadzatopa kulipira, ndani kuno adzapeze madola? Chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kulipira kanthu kakunja ndi khadi ndi nkhondo.

Koma chimene ndikufuna kutsutsa kwenikweni ndi nkhani ya kaseti yachikasu. Mukuti yakhalitsa chifukwa sipempha chilolezo. Madala, kaseti imeneyo ndi yokopera. Makina akenso ndi okopera. Ambiri a inu NES yeniyeni, Famicom ya ku America ndi ku Ulaya, simunaigwirepo. Contra inafika m'nyumba mwanu chifukwa mafakitale ena ku Asia anaikopera mosapempha, n'kuimwaza dziko lonse, ku Russia mpaka makinawo anawapatsa dzina lawolawo, Dendy. Pulasitikiyo idzafa ndithu, a Mawaya akuuzani kuti ma capacitor sakhala muyaya. Gemu imapulumuka chifukwa ili m'manja ambiri. Mu 2023 bungwe la Video Game History Foundation linapeza kuti magemu 87 pa 100 alionse amene anatuluka ku America chaka cha 2010 chisanafike sakugulitsidwanso. Amene akuwasunga ndi anthu wamba pa ma hard disk awo.

Ndiye musanayambe kukangana za seva, lowani m'gulu lakale lija sabata ino, mukopere chilichonse chaphindu. Zithunzi, malangizo, mayankho a mafundi. Muziike mu PDF, mutumizire anthu khumi, aliyense asunge. Gulu lopanda admin likhoza kufufutidwa tsiku lililonse.

Ngakhale ma emulator, mapulogalamu oyendetsa magemu a makina ena pa foni kapena kompyuta, sali otetezeka. Yuzu ya Switch inatha mu Malichi 2024, eni ake atavomera kulipira Nintendo madola 2.4 miliyoni. AetherSX2, imene imayendetsa magemu a PS2 pa Android, mwini wake anaisiya kumayambiriro kwa 2023. PPSSPP, ya magemu a PSP, ilipobe chiyambireni 2012, ndipo code yake ndi yotseguka, aliyense akhoza kuitenga n'kupitiriza. Ku hostel kwathu PES timamenya pa imeneyo, pa mafoni a Tecno ndi itel, osagula makina ena alionse. Musanatume alamu anu, yesani kaye RetroArch, pulogalamu ya magemu akale, pa foni muli nayoyo ndi pad ya Bluetooth.

Kanthu kena kokupwetekani mtima pang'ono. Sonic amene munkasewera pa Mega Drive ya PAL, yopangidwira ma TV a kuno ndi ku Ulaya, anali wochedwa. Ma TV athu ankayenda pa 50Hz pomwe gemuyo inapangidwira 60Hz ya ku Japan ndi ku America, ndiye liwiro limatsika ndi gawo limodzi mwa magawo 6, nyimbo zomwe. Mukadzamuyesa wa 60Hz mudzaona ngati wamwa kanthu.

WakuChipata analemba:

Ba Contra30, mwanayu wanena zoona pa bandulo, kuno ku Zambia n'chimodzimodzi. Koma ndiwonjezere mbali imene simunaitchule. Pa 12 Ogasiti 2021, tsiku la mavoti kuno, WhatsApp, Facebook, Twitter ndi Instagram zinasiya kugwira masana, anthu tili pa mizere. Aliyense anathamangira VPN mpaka khoti litalamula kuti zitsegulidwe. Ku Nigeria Twitter inatsekedwa kuyambira Juni 2021 mpaka Januwale 2022. Kutseka masamba anayi odziwika n'kosavuta, mayina ake aliyense akuwadziwa. Kutseka maseva ang'onoang'ono masauzande ndi ntchito ina. Inde akathimitsa intaneti yonse, monga anachitira ku Uganda mu Januwale 2021, palibe chopulumuka. Komabe kukhala ndi khomo lachiwiri si zamasewera. Mukatsegula seva ndilembeni, ndili ndi Mega Drive 2 ndi makaseti amene ndikufuna kusinthanitsa.

Contra30 analemba:

Zikomo nonse. A Mawaya, lenzi ndaisiya. Alamu ndawauza asinthe, abwere ndi MX4SIO ndi microSD, za Miyoo tidzaona chaka china. CRT ilipo kwa apongozi, akuikirapo maluwa.

Iwe wa ku Zomba, pa kaseti wandigwira pakhosi, koma sindikuvomera zonse. PDF ili pa mafoni khumi siyankha funso. Ine dzulo sindinkadziwa za 8.5V, ndadziwa chifukwa pali malo amene ndafunsa ndipo munthu wodziwa wandiyankha. Kukopera tiyamba Loweruka, ndapeza kale anzanga awiri ogawana nawo zaka za m'gulumo. Koma malo ofunsirana akufunikabe. Maganizo anga ndi oti macheza a tsiku ndi tsiku akhale pa WhatsApp poti ndi kumene bandulo ikulola, admin asakhale mmodzi, ndipo chilichonse chaphindu chizikaikidwa pa Lemmy ya achemwali a ku Leeds, n'kumangoponya link. Wosafuna kugula bandulo ina adzawerenga tsiku limene makina ake afuka utsi.

Achemwali, makiyi atatu aja: inu, ine, wachitatu ndikupempha a Mawaya.

Mawaya_Limbe analemba:

Ine makiyi a seva ayi, achimwene, ndingawataye. Mpatseni mnyamata wa ku Zombayo, waonetsa kuti amakonda kusunga zinthu. Ine muzingonditumizira mafunso a mawaya.

Pogula memori khadi ya FreeMcBoot funani yeniyeni ya 8MB yolembedwa MagicGate. Zokopera zija za 64MB ndi 128MB zina zimakana, zina zimataya ma save. Ndipo CRT ya kwa apongoziyo musaitsegule kumbuyo nokha ngakhale itazimitsidwa, imasunga magetsi oti akhoza kukugwetsani. Ikavuta bwerani nayo.